Pleegde kapena placht? Kuthetsa msokonezo wa mneni plegen m'Chidatchi

Munthu akangoyamba kuwerenga nkhani za apolisi ndi za kukhoti m'Chidatchi, sachedwa kukumana ndi mneni *plegen*. Ali m'nyuzipepala, ali pa nkhani za madzulo pa TV, alinso m'mafomu a boma. Ndipo ambiri amene akuphunzira chinenerochi, kaya ku Netherlands, ku Belgium kapena pa intaneti, amapunthwa pamalo amodzimodzi. Akafufuza nthawi yakale ya mneniyu, buku lina limati *pleegde*, lina limati *placht*, ndipo mapulogalamu ena a pafoni amangoika zonse ziwiri pamzere umodzi osanena kuti iyi ndi ya pati. Wophunzira akasankha imodzi, aphunzitsi akhwatcha. Ulendo wotsatira asankha inayo, aphunzitsi akhwatchanso.

Vutoli silitha chifukwa anthu amaloweza *plegen* ngati mneni mmodzi, pomwe ndi aneni awiri olembedwa mofanana. Woyamba ndi wopalamula: kupha, kuba, kuthyola nyumba, kuchita chinyengo. Nthawi yake yakale ndi *pleegde*, akachuluka *pleegden*, ndipo mawu otsatana ndi *hebben*, amene eni chinenero amawatcha *voltooid deelwoord*, ndi *gepleegd*. Wachiwiri ndi wa chizolowezi, wonena zimene munthu amachita nthawi zonse. Nthawi yake yakale ndi *placht*, akachuluka *plachten*, ndipo alibe *voltooid deelwoord*. M'nthawi yatsopano awiriwa salekana ngakhale pang'ono: *ik pleeg, jij pleegt, hij pleegt, wij plegen*. Amalekana nkhani ikalowa m'mbuyo basi.

## Yambani mwaona chimene chikutsatira mneniyo

Musanalembe, yang'anani mawu amene mneniyo akupita nawo. Ngati ndi dzina la chinthu chochitidwa, monga *een moord*, *een inbraak* kapena *fraude*, lembani *pleegde*. Ngati ndi kamawu *te* ndi mneni wina, lembani *placht*.

*Balthasar Gerards pleegde in 1584 de moord op Willem van Oranje.* Apa pali dzina, *de moord*. Gerards anawombera Willem van Oranje, mtsogoleri wa Adatchi pa nthawiyo, ku Prinsenhof mumzinda wa Delft pa 10 July 1584, ndipo ana asukulu a ku Netherlands amaphunzira nkhaniyi mpaka lero. Tsopano onani ichi: *Mijn grootvader placht na het eten een pijp te roken.* Palibe mlandu uliwonse, agogo ankangosuta kaliwo akatha kudya. Chimene chakuuzani kuti ndi *placht* ndi *te roken* kumapetoko.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pano, chifukwa kusiyana kumeneku tinayamwira. Timati "anasuta" tikamanena za tsiku limodzi, ndipo timati "ankasuta" tikamanena za chizolowezi. *Placht te* ndi "-nka-" wathu uja, wa nthawi yakale yakawirikawiri. Mukaona *hij placht te zeggen*, mumtima mwanu muziti "ankati".

Koma musaitembenuze njirayi n'kuganiza kuti "-nka-" aliyense ndi *placht*. Chiganizo chakuti *Hij pleegde jarenlang fraude* chikutanthauza kuti ankachita chinyengo zaka zambiri. Chizolowezi chilipo, koma mneni ndi *pleegde*, pakuti chotsatira ndi dzina, *fraude*, ndipo *te* palibe. Woweruza ndi kamangidwe ka chiganizo. Aneni awiriwa amathanso kukumana m'chiganizo chimodzi, ndipo chiganizo chotere n'chabwino kuchiloweza: *De bende placht 's nachts inbraken te plegen*, gulu la akubalo linkathyola nyumba usiku. *Placht* wanyamula chizolowezi, *te plegen* wanyamula mlandu.

Mudzamva eni chinenero ena akunena kuti *hij pleegde te zeggen*, ndipo mudzaziona ngakhale zolembedwa. Zimenezo zisakunyengeni. Alangizi a chinenero ku Netherlands ndi ku Flanders, dera la Belgium lolankhula Chidatchi, amati pa tanthauzo la chizolowezi mawu oyenera ndi *placht*, ndipo pa mayeso ngati Staatsexamen NT2, mayeso a boma a Chidatchi ngati chinenero chachiwiri, palibe chifukwa chotayira malikisi pa chinthu chimene mukuchidziwa.

## Ngati mukulemba plachtte, plachte kapena geplacht

Cholakwa ichi chili ndi gwero lomveka. Wophunzira wazolowera *wachten, wachtte, gewacht* ndi *trachten, trachtte, getracht*, ndiye akaona *plachten* amaganiza kuti ndi mneni wa banja lomwelo. *Trachten* ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa nayenso amatenga *te*: *hij trachtte te vluchten*, anayesa kuthawa. Koma mneni wotchedwa *plachten* kulibe. *Plachten* ali kale m'nthawi yakale, ndi unyinji wa *placht*, ndipo simungamuwonjezerenso *-te*. Ndi *ik placht, jij placht, zij placht, wij plachten*, pathera pomwepo.

*Geplacht* nayenso kulibe. Ngati chiganizo chanu chikufuna *hebben*, sinthani kamangidwe: *hij heeft dat altijd gedaan*, kapena *hij was gewend om dat te doen*.

Palinso ena amene amagwiritsa ntchito *placht* ponena za lero, chifukwa *t* wakumapeto amaoneka ngati wa *hij loopt*. Apa ngozi yake ndi yoposa malikisi. Mawu akuti *zoals mijn moeder placht te zeggen* amamveka kawirikawiri pamaliro ndi pokumbukira anthu amene anatisiya. Womva amatenga kuti mayiwo anamwalira, kapena kuti masiku onena mawuwo anatha. Ngati mayi anu ali moyo ndipo akunenabe, chiganizo ndi *zoals mijn moeder pleegt te zeggen*, kapena mwa masiku onse *zoals mijn moeder altijd zegt*.

Chenjezo lina ndi la ife eni ake. M'Chichewa *l* ndi *r* sasintha tanthauzo la mawu, choncho khutu lathu silinaphunzire kuwalekanitsa. M'Chidatchi *placht* ndi *pracht* ndi mawu osiyana: *pracht* ndi kukongola kwaulemerero, kumene kunabala *prachtig*. Polemba zimene aphunzitsi akuwerenga mokweza, imani kaye muone ngati pali *te* kutsogoloko.

Maganizo anga ndi akuti *placht* muzimudziwa mukamuona, koma musamuthamangire polemba. Ndi mawu a m'mabuku ndi a m'malankhulidwe aulemu. Mnzanu wa kuntchito akamasimba za agogo ake anganene kuti *mijn opa rookte altijd een pijp*, ndipo kamawu *altijd* kapena *vroeger* kagwira ntchito yonse. Mu uthenga wopita kwa abwana anu kapena m'kalata ya kusukulu ya mwana, *placht* angakuchititseni kumveka ngati mukuwerenga buku la makedzana.

## Ngati mukulemba plegde, pleegte kapena ploog

Zolakwa zitatuzi n'zosiyana magwero, ndiye tizione chimodzichimodzi.

*Plegde* amabwera chifukwa chongochotsa *-en* pa *plegen* n'kuikapo *-de*. Koma Chidatchi chimalemba liwu lalitali ndi lembo limodzi phatikizo likathera pa liwulo, monga *ple-gen*, ndipo chimalilemba kawiri phatikizo likatsekedwa ndi lembo lopanda liwu, monga *pleeg*. Tsinde ndi *pleeg*, ndipo *-de* amabwera pa tsindelo. Kuti muone kuti si nkhani yongokongoletsa, yerekezani *legde* ndi *leegde*. Woyamba achokera ku *leggen*, kugoneka chinthu pansi. Wachiwiri achokera ku *legen*, kukhuthula zonse. Lembo limodzi lasintha ntchito yonse. Cholakwa chotembenuza ndi *pleegen*, pomwe munthu walemba *e* kawiri m'phatikizo lotseguka.

*Pleegte* amabwera chifukwa cha khutu. Lamulo limene ana amaphunzira m'sukulu za ku Netherlands ndi ku Belgium ndi la *'t kofschip*: chotsani *-en* pa mneni, ndipo ngati lembo lotsiriza ndi *t, k, f, s, ch* kapena *p*, nthawi yakale itenga *-te*. Malembo ena onse atenga *-de*. *Ch* ali m'gululi, koma *g* mulibe. Chovuta n'chakuti kumpoto kwa Netherlands anthu ambiri amatchula *g* ndi *ch* mofanana, kukhosi kwenikweni, moti khutu lokha silingakuthandizeni. Yang'anani lembo. *Juichen* ali ndi *ch*, ndiye *juichte, gejuicht*. *Plegen* ali ndi *g*, ndiye *pleegde, gepleegd*. Mneni wabwino womukumbukira limodzi naye ndi *vegen*, kusesa: *veegde, geveegd*. Amayenda mofanana lembo ndi lembo.

*Ploog* ndi cholakwa cha wophunzira amene wapita patsogolo. Waloweza *wegen, woog, gewogen* ndi *bewegen, bewoog, bewogen*, ndiye waganiza kuti *plegen* ali m'gulu lomwelo. Sanasochere kwambiri, chifukwa kale mneniyu ankasinthadi liwu. M'Chidatchi cha zaka za m'ma 1200 mpaka 1400 nthawi yake yakale inali *plach*, ndipo *t* anaphatikizidwa pambuyo pake n'kukhala *placht*. Panalinso *geplogen*, amene anatsalira m'dzina lakuti *geplogenheid*, mwambo kapena chizolowezi, lomwe mudzalimva makamaka ku Belgium. *Pleegde* ndi wobwera mochedwerapo, ndipo m'kupita kwa nthawi awiriwa anagawana ntchito: wakale anasunga chizolowezi, watsopano anatenga milandu. M'Chidatchi cha lero *ploog* musamulembe.

Samalaninso ndi aneni awiri oyandikana naye m'kamvekedwe. *Plagen*, kuseka kapena kuvutitsa munthu, amapereka *plaagde, geplaagd*. *Ploegen*, kulima ndi pulawo, amapereka *ploegde, geploegd*, ndipo *oe* amamveka ngati *u* wathu.

## Ngati mukulemba gepleegt kapena gepleeg

Ichi ndi cholakwa chimene eni chinenero nawonso amachita, ndipo ali nalo dzina lake: *dt-fout*. M'Chidatchi *d* akakhala kumapeto kwa mawu amamveka ngati *t*. Choncho *hij pleegt* ndi *hij heeft gepleegd* amathera pa liwu limodzimodzi, ngakhale malembo ndi osiyana. Kwa ife vutoli limakula, pakuti mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu nthawi zonse, ndipo malembo opanda liwu akaunjikana kumapeto, lilime limafuna kumeza limodzi kapena kuwonjezera *i*.

Njira yachidule ndi kutalikitsa mawuwo. Ikani *-e* kumapeto ngati mukufotokoza dzina: *de gepleegde moord*, *het gepleegde feit*. *D* uja akumveka bwino tsopano. Palibe amene angati *de gepleegte moord*. Kapena bwererani ku nthawi yakale: ngati ndi *pleegde*, ndiye kuti ndi *gepleegd*. *D* wa uku ndi *d* wa uko ndi mmodzi.

*Gepleeg* wopanda kanthu kumapeto ndi wa abale amene anakhalapo ku South Africa n'kutola Chiafirikana. M'chinenero chimenecho *hy het moord gepleeg* ndi chiganizo cholondola, ndipo aneni pafupifupi onse alibe nthawi yakale ya mawu amodzi ngati *pleegde*. Chiafirikana chimathandiza kwambiri pomva Chidatchi, koma apa chimasiya munthu ndi mipata iwiri: *d* wakumapeto, ndi *pleegde* yemwe sanamuzolowere n'komwe. Ngati munadzera njira imeneyo, muzifufuza mawu onse oyamba ndi *ge-* mukatha kulemba, muone ngati ali ndi mathero awo.

## Pleegde, heeft gepleegd, werd gepleegd, is gepleegd

Malembo akakhala bwino, funso lotsatira ndi lakuti musankhe iti. Taonani mmene mtolankhani amalembera nkhani yaifupi ya apolisi:

*Twee mannen hebben vannacht een overval gepleegd op een tankstation. Ze droegen bivakmutsen en vluchtten op een scooter. De politie vermoedt dat ze vorige week ook een inbraak pleegden.*

Chiganizo choyamba chikulengeza kuti chinthu chachitika, ndiye chatenga *hebben gepleegd*. Zotsatirazo zikusimba mmene zinayendera, ndiye zalowa m'nthawi yakale ya mawu amodzi: *droegen, vluchtten, pleegden*. Kawirikawiri umu ndi mmene zimayendera, polengeza *heeft gepleegd*, posimba *pleegde*. Amene anafika ku Chidatchi kudzera m'Chingerezi amaopa kuika tsiku kapena chaka pafupi ndi *heeft*, chifukwa Chingerezi chimakana zimenezo. Chidatchi sichikana. *Desi Bouterse heeft in 1980 een staatsgreep gepleegd* ndi chiganizo chabwino, chimodzimodzi *Desi Bouterse pleegde op 25 februari 1980 een staatsgreep in Suriname*. Mneni wothandizira ndi *hebben* nthawi zonse pamene wopalamulayo ndiye mwininkhani.

Mlandu ukakhala mwininkhani, tikulowa m'msintho wochitidwa, ndipo apa ndi pamene anthu amamva nkhani mozondoka. *De aanslagen werden op 22 maart 2016 gepleegd* akunena za mabomba amene anaphulitsidwa pa bwalo la ndege la Zaventem ndi pa siteshoni ya Maalbeek ku Brussels. Ameneyu ndi wosavuta, *werden* akuonetsa kuti ndi kale. Wovuta ndi *is gepleegd*. Diso lozolowera Chingerezi likaona *is* limaganiza za lero, koma *er is fraude gepleegd* akutanthauza kuti chinyengo chachitika kale, chatha. Chimene chikuchitika pano ndi *er wordt fraude gepleegd*. Ndipo *er was fraude gepleegd* akunena kuti chinali chitachitika kale pamene china chinkadzachitika. Mukalandira kalata yochokera kubanki yonena kuti *er is fraude gepleegd met uw pas*, sakukuchenjezani za ngozi yamtsogolo, akukuuzani kuti khadi lanu lagwiritsidwa kale ntchito.

M'chiganizo chodalira, choyamba ndi *dat* kapena *omdat*, aneni amapita kumapeto, ndipo mwaloledwa kuwasanja mwa njira ziwiri: *dat hij de inbraak heeft gepleegd* kapena *dat hij de inbraak gepleegd heeft*. Zonse n'zolondola. Musataye nthawi kufunafuna kusiyana.

Kamawu kamene sindifuna kuti mukadumphe ndi *zou*. *De verdachte zou fraude hebben gepleegd* sakutanthauza kuti akanachita chinyengo. Akutanthauza kuti akuti anachita, akumuganizira, koma khoti silinagamule. Ndi "akuti" wathu uja. Mukachotsa *zou* n'kulemba *hij heeft fraude gepleegd*, mwamuweruza munthuyo nokha. Polemba za mnzanu wa kuntchito, za mwini nyumba kapena za wina aliyense amene mungamutchule dzina, kusiyana kumeneku kungakupulumutseni ku mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

## Ngati mneni ali bwino koma dzina silikugwirizana naye

Pali zolemba zina zimene malembo onse ali m'malo mwake, koma mwini chinenero akawerenga amakwinya nkhope. Chitsanzo chofala ndi *ik heb een fout gepleegd*. Cholakwa wamba sachita nacho *plegen*. Amati *een fout maken*, kapena mwaulemu ndi molemera *een fout begaan*.

*Plegen* ali ndi mayina ake amene amayenda nawo, ndipo njira yabwino ndi kuwaloweza awiriawiri: *een moord, een inbraak, een overval, een aanslag, een misdrijf, diefstal, fraude, geweld, verraad, overspel, meineed, plagiaat, valsheid in geschrifte*. Ku Belgium mudzaonanso *vluchtmisdrijf plegen*, kuthawa pamalo a ngozi ya pamsewu. Onani kuti ena amatenga *een*, ena ayi. Onaninso mperekezi: *een moord op*, *een aanslag op*, *een overval op*, koma *een inbraak in* nyumba ndi *fraude met* chinthu.

*Begaan* ndi mnansi wake wapafupi, ndipo nthawi yake yakale imavutanso: *beging, begingen, heeft begaan*. Samatenga *ge-*, chifukwa ayamba kale ndi *be-*, ndipo *begaande* ngati nthawi yakale kulibe. Pa milandu ikuluikulu awiriwa amalowana, *een moord plegen* ndi *een moord begaan* zonse zimamveka. Koma *begaan* amafika kumene *plegen* safika: *een vergissing, een blunder, een stommiteit, een zonde*. Pa kuphwanya lamulo laling'ono, monga la pamsewu, mawu ofala ndi *een overtreding begaan*. Ndipo *plegen* naye ali ndi malo ake amene *begaan* salowa: sitinena *een aanslag begaan*. Wachitatu ndi *bedrijven, bedreef, bedreven*, koma ameneyu masiku ano mudzakumana naye kwambiri mu *politiek bedrijven* ndi *de liefde bedrijven*, choncho musamuike paliponse pamene mwasowa mawu.

Musadabwe mukamva *plegen* pamalo opanda mlandu. *Een telefoontje plegen* ndi kuimba foni. *Overleg plegen* ndi kukambirana. *Onderhoud plegen* ndi kusamalira ndi kukonza makina kapena nyumba. *Verzet plegen* ndi kukana kugonja, monga anachitira ena pa nthawi imene Germany inalanda Netherlands kuyambira 1940 mpaka 1945. Onsewa amatenga *pleegde* ndi *gepleegd*, pakuti chotsatira ndi dzina. Abwana akati *ik moet even een telefoontje plegen*, akungotuluka kukaimba foni.

Dzina limodzi likufunika kusamala kwapadera. M'madikishonale mupeza *zelfmoord plegen*, ndipo anthu amanenadi choncho. Koma ambiri amene amagwira ntchito yothandiza anthu ofuna kudzipha ndi mabanja oferedwa amalimbikitsa mawu ena, monga *overleden door zelfdoding*, chifukwa *moord* ndi *plegen* onse amanunkha mlandu. Mukamalembera banja limene laferedwa mwa njira imeneyi, sankhani mawu achiwiriwo.

## Abale ake: raadplegen, verplegen, medeplegen

Aneni atatuwa ali ndi *plegen* m'kati, onse amatenga *-de*, ndipo *placht* sawakhudza. Vuto lawo ndi pamene *ge-* akhale.

*Raadplegen*, kufunsira nzeru kwa munthu kapena kufufuza m'buku, sagawika. Ndi *ik raadpleegde de huisarts* ndi *ik heb de huisarts geraadpleegd*. *Raadgepleegd* ndi *ik pleegde raad* ndi zolakwika. Ophunzira a kuyunivesite amalemba mawuwa kambirimbiri, chifukwa potchula tsamba la pa intaneti m'zolemba zawo amaika *geraadpleegd op* ndi tsiku limene analitsegula. Akalakwitsa kamodzi, cholakwacho chimabwerezedwa mzere uliwonse mpaka pansi.

*Verplegen*, kudwazika, ndiye msampha weniweni, makamaka kwa amene akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba n'kumalemba malipoti tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha *ver-*, *ge-* sabwera, ndiye *verpleegt* ndi *verpleegd* amamveka chimodzimodzi ndipo onse ndi mawu enieni. *Zij verpleegt haar vader*, akudwazika bambo ake. *Zij heeft haar vader verpleegd*, anawadwazika. *Hij wordt thuis verpleegd*, akudwazikidwira kunyumba. Mukakayika, chotsani mneniyo muikepo *maken*. Ngati pakukwana *maakt*, lembani *t*. Ngati pakukwana *gemaakt*, lembani *d*. Tanthauzo la kusamalira ndi lakale m'banja la mawuwa, ndipo ndi lomwe lili mu *pleegkind*, *pleegouders* ndi *pleegzorg*, mawu onena za mwana woleredwa ndi banja lina. Mukaona *pleeggezin* m'kalata ya kusukulu, musaganize za mlandu.

*Medeplegen* ndi wa kukhoti. Ndime 47 ya Wetboek van Strafrecht, buku la malamulo a milandu la ku Netherlands limene linayamba kugwira ntchito mu 1886, imaika pamodzi amene achita mlandu okha, amene achititsa wina, amene achita limodzi ndi anzawo, ndi amene anyengerera ena dala: *plegen, doen plegen, medeplegen* ndi *uitlokken*. Onsewa amalangidwa ngati eni mlandu. Ndime 48 imanena za *medeplichtige*, amene wangothandizira, ndipo malinga ndi ndime 49, kwa iyeyu chilango chapamwamba chimatsika ndi gawo limodzi mwa atatu. Choncho *medepleger* ndi *medeplichtige* amaoneka ofanana papepala, koma pakati pawo pali zaka za kundende. Mneniyu amagawika, *heeft medegepleegd*, ngakhale kuti m'zigamulo mudzamuona kwambiri ngati dzina: *het medeplegen van diefstal*. Ngati mukumasulirira m'bale wanu kalata ya loya, apa werengani kawiri, ndipo funsani loyayo kuti ndi liti mwa mawu awiriwa limene lalembedwa.

Chimodzimodzi ndi mafomu. Opempha chilolezo chokhala ku Netherlands amasaina *antecedentenverklaring* ya ku IND (ofesi yoona za anthu olowa m'dziko), yonena za milandu ya m'mbuyo, ndipo olembedwa ntchito zambiri amafunsidwa VOG, kalata ya khalidwe yochokera ku Justis, nthambi ya unduna wa zachilungamo. M'zikalata zotere samalani ndi *misdrijf* ndi *overtreding*. M'malamulo a ku Netherlands loyambalo ndi mlandu waukulu, lachiwirilo ndi waung'ono, ndipo funso likafunsa za limodzi silikufunsa za linalo.

## Ngati kompyuta sikukuchenjezani

Ambiri amadalira mzere wofiira wa pa kompyuta kapena pafoni. Umagwira *gepleegt*, *plegde* ndi *plachtte*, chifukwa mawu amenewa kulibe. Koma kawirikawiri sugwira *hij pleegde te zeggen*, *zij heeft hem verpleegt*, *pracht* m'malo mwa *placht*, kapena *geplaagd* m'malo mwa *gepleegd*, pakuti lililonse palokha ndi liwu lolondola. Pofuna kutsimikiza kalembedwe, tsegulani woordenlijst.org, mndandanda wovomerezeka wa Taalunie, bungwe limene Netherlands ndi Belgium anakhazikitsa mu 1980. Pa mafunso a kagwiritsidwe ntchito pali Taaladvies.net ndi Onze Taal. Ndipo mukatha kulemba kalata kapena lipoti, lembani *pleeg* m'kabokosi kofufuzira mawu, kenako *plach*, muime pa malo alionse amene kompyuta yapeza. Pa *pleegde* onani ngati pali dzina la chochitika, pa *placht* onani ngati pali *te*, ndipo pa *verpleegt* yesani *maakt* ndi *gemaakt* musanatumize.